Mamilimita awiri ndi theka: mbiri ya kuyeza khungwa la ubongo

Mbali ya ubongo imene imaona, kumva, kulankhula ndi kulamula dzanja kuti ligwire ntchito si yaikulu monga ambiri amaganizira. Ndi khungwa lotuwa lokuta ubongo kunja konse, lomwe madokotala amalitcha cortex. Mwa munthu wamkulu limachindikala pafupifupi mamilimita 2.5, pena kutsika kufika pa 1.5, pena kukwera mpaka 4.5. Pansi pake pali mbali yoyera, yodzaza ndi timitsempha tonyamula mauthenga kuchoka dera lina kupita lina. Funso loti khungwali n'lochindikala bwanji likumveka ngati la mwana wa pulayimale amene wagwira rula. Komatu latha zaka zoposa 200 likuzunguza anthu ophunzira, ndipo yankho lake likusinthabe malinga ndi amene wagwira muyeso.

Gwero la vuto ndi makwinya. Kuti likwane m'chibade, khungwali limapindikapindika n'kupanga zitunda ndi ngalande zakuya, moti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a khungwa lonse abisala m'ngalandezo. Amene anadulapo chinangwa akudziwa kuti ukadula mowongoka khungu lake limaoneka lopyapyala, koma ukapendeketsa mpeni khungu lomwelo limaoneka lotambalala. Chinangwa n'chosavuta poti n'chowongoka. Ubongo umakhota paliponse, ndiye mpeni umene walowa bwino pano wapendekeka kale apo. Aliyense amene anayesapo ntchitoyi, wa mpeni ndi wa kompyuta yemwe, walimbana ndi mafunso awiri omwewo: malire a khungwa ali pati, ndipo muyeso udutse molunjika kuti.

Oyamba kuliyang'anitsitsa analibe chida china koma maso. Mu 1776, Francesco Gennari, mnyamata wophunzira udokotala ku Parma m'dziko la Italy, ankaumitsa ubongo wa mitembo pouziziritsa kuti udulike bwino, pakuti ubongo wauwisi ndi wofewa, sumvera mpeni. M'khungwa la kunkhongo anaona kamzere koyera kodutsa pakati pa mbali yotuwa. Anazisindikiza mu 1782, ndipo kamzereko mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Kanali chizindikiro choyamba chakuti khungwa silofanana paliponse. Mu 1840, Jules Baillarger wa ku Paris anadula tizidutswa topyapyala, n'kutipana pakati pa magalasi awiri, n'kutiyang'ana kuwala kuli kumbuyo. Anawerenga zigawo 6 zosanjikizana. Mabuku a lero akunenabe 6, ngakhale kuti zigawo zimene amawerenga masiku ano si ndendende zija anaona iye.

Kenako kunabwera utoto. Franz Nissl, akadali wophunzira ku Munich mu 1884, anapeza njira yodaya maselo a ubongo kuti azioneka bwino pa maikulosikopu. Korbinian Brodmann, yemwe ankagwira ntchito mu labotale ya Oskar ndi Cécile Vogt ku Berlin, anagawa khungwa m'madera potengera kasanjidwe ka maselowo n'kuwapatsa manambala. Buku lake la 1909 ndilo limachititsa dokotala wa lero kunena kuti dera 4 akamanena mbali yoyendetsa minofu, ndi dera 17 akamanena mbali yoonera.

Amene anaikirapo mtima wonse pa muyeso ndi Constantin von Economo wa ku Vienna, munthu wa zochita zambiri. Ankayendetsa ndege, ndipo ndiye anafotokoza mu 1917 nthenda yachilendo yogonetsa anthu tulo imene inabuka pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Iye ndi mnzake wa ku Greece, Georg Koskinas, anakana kusenga ubongo wathunthu motsatizana kuchoka kumphumi mpaka kunkhongo monga ankachitira anzawo, chifukwa kutero n'kudula zitunda zambiri mopendekeka. Ankayamba augawa m'timagawo mazanamazana, kalikonse kodulidwa motsata mmene chitunda chake chagonera, kuti mpeni ulowe m'khungwa mowongoka. Akatero ankakalowetsa m'phula, kukasenga mopyapyala, kukadaya, kukajambula, n'kuyeza pamwamba pa chitunda, m'khoma mwake ndi pansi pa ngalande. Ntchito ya zaka zambiri imeneyi inatuluka mu 1925: buku lalikulu, zithunzi zikuluzikulu 112 ndi madera 107.

Anapeza kuti ngakhale m'dera limodzi muyeso si umodzi. Pamwamba pa chitunda khungwa limakhuthala, m'khoma limacheperapo, pansi pa ngalande limapyapyala. Malo ochititsa chidwi kwambiri ndi ngalande yaikulu imene imatsika kuchoka paliwombo kulowera chakukhutu, yotchedwa central sulcus. Kutsogolo kwake kuli khungwa loyendetsa minofu, lomwe ndi limodzi mwa ochindikala kwambiri mu ubongo wonse. Khoma lakumbuyo, lolandira mauthenga a kukhudza, ndi limodzi mwa opyapyala kwambiri, losakwana n'komwe mamilimita 2. Makoma awiri oyang'anizana maso ndi maso, koma osiyana chonchi! Patapita zaka 75, ngalande imeneyi ndi imene anayesera kompyuta ngati ikunena zoona.

Njira ya mpeni inali ndi polekezera. Ubongo ukaviikidwa m'mankhwala, kuchotsedwa madzi ndi kulowetsedwa m'phula umafota, ndiye nambala imene wapeza uyenera kuikonzanso moyerekeza. Chachikulu n'chakuti mwini ubongo ayenera kukhala atamwalira. Ukapeza khungwa lopyapyala mwa nkhalamba, sungadziwe ngati linaphwa ndi ukalamba kapena linali lotero kuyambira ubwana, pakuti munthu mmodzi umamuyeza kamodzi kokha basi. Makoswe ndi amene anayamba kuyankha funso lotere. Mu 1964, Marian Diamond ndi anzake ku Berkeley anayerekeza makoswe okulira m'gulu, m'khola lodzaza zoseweretsa, ndi ena okulira okhaokha m'timakola topanda kanthu. Khungwa la gulu loyamba linali lochindikala kuposa la enawo ndi pafupifupi 6 pa 100. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kulakalaka kuona khungwa la munthu wamoyo, chaka chino ndi chaka chamawa.

Chibade ndicho chinatchinga njira. Kuwala kwa X-ray, komwe Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, kumaonetsa fupa bwino koma ubongo umangooneka mbuu. Mu 1918 ndi 1919, Walter Dandy wa ku Johns Hopkins anayamba kuchotsa madzi ena ozungulira ubongo n'kulowetsamo mpweya kuti mithunzi ya mphako ndi ngalande ioneke pa chithunzi. Odwala ankamva mutu waching'alang'ala n'kumasanza, ndipo dokotala ankangodziwa kuti ubongo waphwa poona kuti ngalande zakula. Zimenezi zinapitirira mpaka makina a CT atabwera. Mmodzi mwa amene anakonza masamu a njira imeneyi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene anayamba kuganizira nkhaniyi mu 1956 akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Makinawo anawapanga Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 Okutobala 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1979. Koma chithunzi choyambacho chinali cha timabokosi 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, kalikonse pafupifupi mamilimita 3. Kabokosi kamodzi kanali kakakulu kuposa khungwa lenilenilo.

MRI ndiyo inatsegula chitseko. Paul Lauterbur anasindikiza chithunzi choyamba mu 1973, Peter Mansfield wa ku Nottingham anapeza njira zojambulira mwachangu, ndipo onse awiri analandira Nobel mu 2003. Maginito amphamvu amafoletsa tinthu ta hydrogen tomwe tili m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi, mafunde a wailesi amatigwedeza, kenako makina amamvetsera mmene tikubwerera m'malo mwake. Timitsempha ta mbali yoyera n'tokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, choncho hydrogen wa kumeneko amabwerera msanga kuposa wa m'khungwa. Pa chithunzi chotchedwa T1, mbali yoyera imawala, khungwa limatuwa, madzi ozungulira ubongo amada. Pofika 1990, John Mugler ndi James Brookeman a ku University of Virginia anali atakonza kajambulidwe ka MP-RAGE, komwe m'mphindi zowerengeka kamapereka mutu wonse m'timabokosi ta pafupifupi milimita imodzi mbali zonse. Izi zikutanthauza kuti khungwa lonse, kuchoka mkati kufika kunja, ndi timabokosi tiwiri kapena titatu. Kuwerenga timabokosi sikungathandize, poti kusiyana kumene matenda amabweretsa nthawi zambiri n'kwa tizigawo ta milimita.

Amene anapeza njira sanayambe n'kufuna kuyeza kuchindikala. Anders Dale ndi Martin Sereno, ali ku San Diego mu 1993, ankafuna kudziwa malo enieni a khungwa kumene kumachokera timagetsi ta ubongo tomwe amatola ndi mawaya a pamutu, ndiponso ankafuna kuyala khungwa kuti mapu a mbali yoonera aoneke bwino. Kuti zitheke anayenera kumanganso khungwa lonse m'kompyuta, ndi makwinya ake omwe. Dale atasamukira ku Massachusetts General Hospital ku Boston anagwirizana ndi Bruce Fischl, ndipo mu 1999 anafotokoza njira imene inadzakhala pulogalamu ya FreeSurfer. Mu 2000, Fischl ndi Dale anasindikiza mu magazini ya PNAS mmene angayezere kuchindikala ndi njirayo, atayesa pa anthu 30.

Kompyuta imayamba ndi kuchotsa chibade, maso ndi khungu pa chithunzi, n'kukonza kuwala kumene kumasiyana mbali ndi mbali chifukwa cha makina. Imasankha timabokosi ta mbali yoyera n'kutikuta ndi ukonde wa timakona atatu wokhala ndi mfundo zoposa 100,000 pa theka lililonse la ubongo. Ukondewo suyenera kukhala ndi bowo kapena kamlatho kolumikiza zitunda ziwiri, chifukwa khungwa lenileni ndi limodzi losang'ambika. Amausuntha pang'onopang'ono mpaka utakhala pamene kuyera kukusanduka kutuwa, ndipo poti kabokosi kapamalire kamakhala kotuwirako malinga ndi kuchuluka kwa mbali iliyonse mkati mwake, malirewo angathe kuikidwa pakati pa kabokosi, osati m'mphepete mwake mokha. Amenewa ndi malire amkati. Kenako amakankhira ukondewo kunja mpaka utafika pa madzi, ndipo amenewa ndi malire akunja. Pamene pamavuta ndi m'ngalande zothina, momwe makoma awiri agundana moti madzi a pakati saoneka n'komwe. Apa pulogalamu imangotsata lamulo lakuti ukonde usadzipyoze wokha, ndiye mbali ziwirizo zimaima pamene zakumana. Pomaliza, pa mfundo iliyonse amayeza mtunda waufupi kwambiri kuchoka mkati kupita kunja, ndi wina kuchoka kunja kubwerera mkati, n'kutenga wapakati. Ndi nzeru yomwe ija ya von Economo yowongola mpeni, koma tsopano pa mfundo iliyonse payokha. Atayang'ana pa central sulcus anapeza khoma lakutsogolo lochindikala, lakumbuyo lopyapyala, monga momwe mabuku akale ankanenera.

M'zaka zoyambirira kompyuta inkatha tsiku lathunthu pa ubongo umodzi, ndipo ikamaliza ntchito inkagwera munthu. M'malabotale ambiri wophunzira ankakhala pa sikirini akutsegula chithunzi chimodzichimodzi, maso ali pa mizere iwiri, wofiira ndi wachikasu, yokhotakhota motsata makwinya. Apa mzere wofiira wameza kachikopa kolimba kokuta ubongo, khungwa likuoneka lonenepa. Afufute ndi dzanja. Apo, chakumunsi pafupi ndi khutu kumene chithunzi chimada, mzere wachikasu wasiya kachitunda konse panja; aikepo timadontho touza kompyuta kuti iyi ndi mbali yoyera, ayambitsenso pulogalamu, abwere mawa. Manambala ambiri amene amaoneka audongo m'magazini a sayansi anadutsa m'manja otopa chonchi.

Chaka chomwecho cha 2000, David MacDonald ndi Alan Evans a ku Montreal Neurological Institute anatulutsa njira yawo, imene inadzakula n'kukhala pulogalamu ya CIVET. Stephen Jones ndi anzake anabwereka masamu a Laplace ochokera ku sayansi ya magetsi: malire awiri aja amawaona ngati zitsulo ziwiri zosiyana mphamvu ya magetsi, ndipo kuchindikala ndi kutalika kwa kanjira kokhota kamene mphamvuyo ingatsate. Chithunzi chimodzi, njira zitatu, manambala atatu osiyana pang'ono. Palibe amene akunama. Aliyense wangotanthauzira mwake mawu akuti kuchokera apa kufika apo.

Zotsatira zinabwera ngati mvula. Mu 2002, Diana Rosas anaonetsa kuti khungwa limapyapyala m'madera ena mwa odwala nthenda ya Huntington, ndipo anayerekezanso muyeso wa kompyuta ndi wa pa maikulosikopu mu ubongo wa anthu omwalira, n'kupeza kuti ikuyandikana. Mu 2004, David Salat anayeza anthu 106 a zaka 18 mpaka 93 n'kupeza kuti kupyapyala kumayamba kuoneka munthu asanakalambe n'komwe. Mu 2009, Bradford Dickerson anafotokoza madera amene amaphwa mwa odwala Alzheimer, nthenda yoiwalitsa, ndipo anaonetsa kuti kuphwako kumayamba zizindikiro zisanaonekere. Ofufuza mapasa, Matthew Panizzon ndi anzake, anapeza chaka chomwecho kuti majini olamulira kuchindikala kwa khungwa si omwe amalamulira kutambalala kwake, ndiye kuphatikiza ziwirizi kukhala nambala imodzi ya kukula kwa ubongo kumabisa zambiri.

Nkhani ya ana ndi imene inaonetsa poterera. Mu 2006, Philip Shaw ndi anzake anasindikiza mu Nature kafukufuku wa ana 307, wonena kuti khungwa limayamba lachindikala kenako n'kupyapyala, ndipo kuti mwa ana anzeru kwambiri limafika pachimake mochedwa, cha m'ma zaka 11. Nyuzipepala zinaikonda nkhaniyi. Koma mu 2015, Martin Reuter anachita chinthu chosavuta. Anauza anthu athanzi kuti agone phee m'makina, kenako awajambulenso akugwedeza mutu pang'ono mwadala. Ubongo womwewo, tsiku lomwelo, unaoneka wopyapyala khungwa mutu ukagwedezeka. Nanga amene amalephera kugona phee ndani? Ana aang'ono, nkhalamba, odwala onjenjemera, ana osakhazikika: anthu omwewo amene ofufuza ankati ali ndi khungwa lopyapyala. Mu 2016, Simon Ducharme ndi anzake anaonetsa kuti zithunzi zosaoneka bwino zikachotsedwa mosamala, chimake cha kumapeto kwa ubwana chija chimazimiririka m'madera ambiri, ndipo khungwa limangooneka likupyapyala kuyambira cha m'ma zaka 5.

Ngakhale kupyapyala kumeneko si konse kumene kuli kuphwa. Mu 2019, Vaidehi Natu ndi anzake ku Stanford anaonetsa kuti m'mbali ina yoonera, mwana akamakula myelin amachuluka m'zigawo zapansi za khungwa. Zigawozo zimayamba kuwala pa chithunzi, kompyuta n'kuziwerengera ku mbali yoyera. Khungwa lilipobe, malire okha ndi amene asuntha. Mwa khanda zimafika potembenukiratu, pakuti myelin asanakhwime mbali yoyera ndi imene imaoneka yakuda pa T1. Palinso vuto la makina okhaokha. Mu 2012, Ed Gronenschild wa ku Maastricht anapatsa zithunzi zomwezo mitundu yosiyana ya FreeSurfer, yakale ndi yatsopano, ndipo manambala a kuchindikala anasiyana ndi pafupifupi 3 pa 100. Kusintha mtundu wa kompyuta kokha kunasunthanso manambala, ngakhale pang'ono.

Ine ndimaona kuti pamene anthu amasokera kwambiri ndi pa kuganiza kuti khungwa lokhuthala ndilo labwino. Mnyamata wa zaka 18 ali ndi khungwa lopyapyala kuposa mmene linalili ali ndi zaka 6, koma sanapusepo. Mwa ana ena odwala khunyu losamva mankhwala, gwero la kukomoka limakhala kadera kamene maselo ake sanasanjike bwino mwanayo ali m'mimba, ndipo kaderako nthawi zambiri kamaoneka kokhuthala, malire ake osaoneka bwino. Dokotala wa opaleshoni amakafunafuna kuti akachotse. Nkhani ngati ya mu 2005 yonena kuti anthu osinkhasinkha mwakachetechete ali ndi khungwa lochindikala m'madera ena inachokera pa anthu 20 okha ochita zimenezo. Mu 2022, Scott Marek ndi anzake anaonetsa mu Nature kuti pofuna kulumikiza kapangidwe ka ubongo ndi nzeru kapena khalidwe m'njira yoti wina akabwereza apeze zomwezo, pamafunika anthu masauzande. N'chifukwa chake ntchitoyi yasamukira m'magulu akuluakulu monga ADNI, imene inayamba mu 2004, ENIGMA ya mu 2009, ndi UK Biobank.

Mpeni nawo sunapume. Mu 2013, Katrin Amunts ndi anzake a ku Jülich ndi Montreal anasenga ubongo wa munthu wa zaka 65 m'tizidutswa 7,404, kalikonse kopyapyala kuposa tsitsi, n'kutilumikizanso m'kompyuta. Anautcha BigBrain. Konrad Wagstyl atauyeza mu 2020 anapeza kuti manambala ake akuyenda limodzi ndi a von Economo, koma kuti MRI imachepetsa kuchindikala kwa dera loyendetsa minofu, pa chifukwa chomwe chija cha myelin wochuluka m'zigawo zapansi.

Mu 2022, Richard Bethlehem ndi Jakob Seidlitz anasonkhanitsa zithunzi za anthu oposa 100,000, kuyambira mwana wa m'mimba mpaka munthu wa zaka 100, n'kupanga matchati a kakulidwe ka ubongo, ofanana ndi a kusikelo ya ana. Malinga ndi matchatiwo khungwa limafika pachimake cha kuchindikala mwana asanakwanitse zaka 2, pamene kutambalala kwake kumapitirira mpaka cha m'ma zaka 11. Eniake anavomereza kuti ambiri mwa ojambulidwawo ndi a ku Ulaya ndi North America. Ku Africa zithunzi zoyenera ntchito imeneyi n'zochepa, ndipo zina mwa zimene zilipo zikuchokera ku South Africa, monga za kafukufuku wa ana wa Drakenstein ku Paarl. Makina a MRI amene anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 anali ndi maginito a mphamvu ya 0.35 tesla, pamene ntchito yoyeza khungwa imachitika kwambiri pa 1.5 kapena 3. Anagwira ntchito yaikulu ndithu: ndi makina amenewo Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala atatupa ubongo kwambiri. Koma kuona kutupa ndi kuyeza tizigawo ta milimita n'zosiyana.

Tsopano kwabwera timakina toyenda pa mateyala ta mphamvu ya 0.064 tesla, tomwe tayesedwanso ku Blantyre. Timalumikizidwa ku soketi wamba, ndipo tingathe kukankhidwa kupita pa bedi la wodwala. Timabokosi ta zithunzi zake nthawi zambiri timafika mamilimita 5 mbali imodzi, kuwirikiza kawiri khungwa. Juan Eugenio Iglesias ndi anzake, a ku malo omwewo kumene kunachokera FreeSurfer, anakonza mapulogalamu monga SynthSR, ophunzitsidwa kuti atenge chithunzi chosaoneka bwino n'kupanga china chooneka ngati cha milimita imodzi. Pa kukula kwa mbali zikuluzikulu za ubongo njirayi ikupereka manambala oyandikana ndi a makina amphamvu. Pa kuchindikala kwa khungwa pakadali ntchito, chifukwa pamene makina sanaone malire pulogalamu imawajambula potengera maubongo amene inaphunzirapo, ndipo ofufuza ayenera kujambula mwana mmodzimodziyo pa makina onse awiri, aang'ono ndi aakulu, kuti adziwe kuti ndi mbali iti ya nambalayo imene yachokeradi m'mutu mwake.